Mapazi Makumi Awiri

Lufeyo Chikoti analakwa, ndipo ndi bwino tiyambire pomwepo, kuti wina asayambe kumumvera chisoni nkhani ili mkati. Anabisa kanthu kochepa ngati sopo wosambira m'chitini cha penti, nakhala duu masiku asanu ndi anayi, mkulu wake wa bere limodzi akuuma ngati thabwa. Amene akukuuzani izi amamudziwa Lufeyo bwino lomwe, kuposa mmene akadafunira.

Anthu amati mizimu imayenda usiku. Kaya ya kwanuko. Wa pa Lunzu uja unkabwera dzuwa lili paliwombo, magetsi atazima.

Abale awiriwa anali ndi shedi yowotcherera zitsulo kuseri kwa msika, pa puloti yomweyo pamene panali nyumba zawo ziwiri. Ankapanga mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, mbaula. Anayambitsa ntchitoyo anali wamkuluyo, a Hezekiya, ndipo dzanja lawo linkadziwika mpaka ku Lirangwe. Msoko wawo pa chitsulo unkakhala ngati wa telala. Lufeyo anatha zaka khumi ndi ziwiri akuwagwirira zitsulo ndi kutumidwa marodi, tindodo tija timasungunuka powotcherera, kwinaku akumeza mawu.

Kenako a Hezekiya anagwidwa manjenje. Chinayamba ndi chala chamanthu cha kumanja, kumachita ngati chikupukusa njere pamene palibe njere. Kuchipatala anati ndi nthenda ya Pakinisoni, ndipo kuti siichoka. Itafika poti kapu imafika kukamwa tiyi atathera pamalaya, shedi inatsala m'manja mwa Lufeyo. Zaka zisanu ndi chimodzi anthu ankamutchula kuti abwana. Pamaso pa anthu ankapukusa mutu n'kumati, "Achimwene akuvutika." Koma zaka zimenezo zinamukomera.

A Hezekiya anali ndi mwana mmodzi kwa mkazi woyamba, dzina lake Eluby, amene ankagwira ntchito ya unamwino kunja. Iyeyu ndiye anawatengera ku India kukachitidwa opaleshoni ya mu ubongo. Patatha miyezi iwiri anatsika minibasi okha, chikwama atanyamula okha. Pamutu anali ndi zipsera ziwiri. Pansi pa khungu panadutsa kawaya kochokera m'mutumo, kutsikira kuseri kwa khutu mpaka pachifuwa kumanzere, pamene madokotala anakwirira kabatire konga bokosi la machesi. Kabatireko kakakhala koyaka, dzanja lija linkangoti phee.

Tsiku lomwelo mkazi wawo wachiwiri, Nangondo, anamuitanira Lufeyo pakhonde, pepala lili m'manja.

"Alamu, mumvetsere bwino, chifukwa lamulo lalikulu likukhudza inu. Achimwene anuwa asadzagwirenso rodi. Makina owotcherera akamayaka, asayandikire. Maginito amphamvu, onga a m'masipika aakulu, asawayandikire, angathe kuzimitsa kabatire. Foni asaike m'thumba la pachifuwa. Akapita chipatala chilichonse, ayambe aonetsa khadi la kabatire asanawaike pa makina."

Kenako anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa kalimoti kotuwa.

"Kabatire kakazima, ndimakayatsa ndi aka. Ndimakagunditsa pachifuwa pawo. Kakalira kawiri, ti-ti, ndiye kuti kapezana ndi kanzake ka m'katimo. Patali sikamva. Kamafuna munthuyo akhale pompa, poti dzanja lingamukhudze."

A Hezekiya anamvera malamulowo monga munthu amene walawapo manda. Anayeza okha mapazi makumi awiri kuchokera pa makina, n'kundandalika njerwa pamenepo. Kuseri kwa njerwazo kunali mtengo wa mango. Pansi pa mtengowo ndi pamene anakhazikika. Dzanja anali atawaletsa kuligwiritsa ntchito, koma pakamwa sanawaletse.

"Iwe Lufeyo! Chimenecho ndi chiyani? Yadutsapo nkhuku?"

Lufeyo ankangoweramira ntchito.

"Bambo, geti limenelo musadzaliyedzamire," ankatero kwa mwini geti. "Mphwangayu amamata ndi malovu. Zaka sikisi ine ndikudwala, iye amadwalitsa dzina langa."

Anthu ankaseka. Posakhalitsa anayamba kumalambalala shedi n'kumayamba afika pansi pa mango, kukakambirana ndi mwini wake weniweni. Dzina loti abwana linabwerera kumene linachokera. Lufeyo anakhalanso "iwe".

Tsono a Hezekiya anali ndi kakhalidwe kawo kamene mbale yekha ndiye angakasunge m'mutu. Mpando ankaukhalira chotembenuza, ngati akwera njinga, chifuwa atatsamiritsa pa chotsamira, manja atapingasa pamwamba. Ankatero kuyambira ali mnyamata. Lufeyo anawayang'ana atakhala choncho sabata yathunthu. Kenako anapita kwa wokonza mawailesi, nakatola masipika atatu akufa.

Mpando umene anawapangira unali wokongola, tisaname. Wa mapaipi, wopaka penti yobiriwira, chotsamira chake cha malata awiri ophatikiza. Pakati pa malatawo, chakumene chifuwa cha kumanzere chimagunda, anatsekeramo maginito atatu aja.

A Hezekiya anautembenuza, kuuyang'ana misoko, natsonya. Ankatsonya mwa mtundu wawo, mokoka, ngati chitsulo chamoto chikagwera m'madzi.

"Koma ndiye wayesetsa. Ukafika zaka handiredi udzakhala mmisiri."

Lufeyo sankafuna kupha. Mpaka lero amatero, kaya wina akhulupirira kaya ayi. Ankangofuna dzanja lija linjenjemereko pamaso pa anthu, kuti pakamwa paja patsekeke.

Zinatheka. Tsiku lachitatu a Hezekiya ali mkati monyoza felemu ya windo, mawu anawathera. Dzanja linayamba kugunda pa paipi, ngwe-ngwe-ngwe. Nangondo anabwera chothamanga, kalimoti pachifuwa, ti-ti, dzanja phee. Patapita masiku awiri, chimodzimodzi. Eluby pafoni anayamba kukalipira mayi ake omupeza. "Mwina mukumadina polakwika. Simukuwayandikitsa ku makina inu?" Nangondo ankangoyang'ana njerwa zija, kuziwerenga, osapeza cholakwa.

Ndiye linafika Lachinayi lina. Kunabwera mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina kudzatenga geti, ndipo a Hezekiya anamuuza Lufeyo, munthuyo ali pomwepo, kuti alidule lonse ayambirenso.

"Amayi anabala ana awiri," anatero, "koma manja anangogula a munthu mmodzi."

Madzulo ake kunachita mdima wa mvula. Nangondo anathamangira kukanula zovala, kalimoti atakasiya pa windo la pakhonde. Lufeyo anadutsa pamenepo. Anakaponya m'chitini chopanda penti, n'kuchiika pa shelefu ya pamwamba m'shedi. Mumtima anati tsiku limodzi lokha.

M'mawa mwake kabatire kanazima, ndipo panalibe chokayatsira.

Anagudubuza nyumba yonse. Lufeyo nayenso anafufuza nawo, ndiye amene ananyamula matiresi. Tsiku lachiwiri anafuna kukabweza, koma Nangondo anali atasesa ngodya iliyonse katatu, ndipo paliponse pamene kakanapezeka anthu akanafunsa kuti kafikapo bwanji. Tsiku lachitatu a Hezekiya anatengeredwa kuchipatala chachikulu m'tauni. Madokotala anayesetsa ndi mankhwala, koma kalimoti kena kanayenera kuchokera kunja. Eluby anakatumiza. Kali m'njira, thupi la a Hezekiya linauma. Khosi linakana kumeza, chibayo chinalowa. Lufeyo atapita kukawazonda komaliza, a Hezekiya sanathe kuyankhula. Anangoyang'ana manja a mphwawo, osaphethira, mpaka nthawi yozonda odwala inatha.

Anamwalira tsiku lachisanu ndi chinayi. Anawaika ndi kabatire kawo m'chifuwa. Kalimoti katsopano kanafika maliro atatha.

Mlandu wonse unagwera Nangondo. Pa maliro azimayi ankamusuntha mphasa. Ena ankati anakagulitsa, ena ankati anatopa ndi kudwazika. Eluby sanamupatse moni. Malume awo a malemu, a Diliza, anaika tsiku losudzula wamasiye, Loweruka la pakutha pa mwezi, ndipo ananeneratu kuti mkazi wotere achoka pa puloti ndi chikwama chomwe anabwera nacho. A Diliza anamuuzanso Lufeyo kuti pofika tsikulo akhale atapanga chikwangwani cha pamanda.

Zinayamba ndi zinthu zazing'ono.

Mwezi umenewo magetsi ankazima cha m'ma leveni n'kubwera cha m'ma thuu. Akazima, msika wonse unkachita ngati wagwidwa pakhosi. Chigayo zii, mawailesi zii. Lufeyo ankakhala pa mgolo m'shedi kudikira. Tsiku lina magetsi atabwera, anapeza sipanala palibe. Hamala palibe. Anazipeza kuseri kwa njerwa, pansi pa mango, zitandandalikidwa pa dothi kuyambira yaikulu mpaka yaing'ono. Ndi mmene a Hezekiya ankasiyira zida akaweruka. Lufeyo anati ndi ana a pamsika. Mawa lake anakhala tcheru, sanaone mwana aliyense, koma mapulayala anakawatola komweko.

Kenako phokoso. Ngwe-ngwe-ngwe, pang'onopang'ono, ngati mphete ikugunda pa paipi. Akatuluka, zii. Akalowa, layambanso. Galu wa pa butchala, amene ankakonda kugona pansi pa mangowo, anayamba kumafika pa njerwa n'kubwerera, mchira uli pakati pa miyendo. Mayi wogulitsa mandasi pa ngodya anasamutsa beseni lake osanena chifukwa.

Chikwangwani ndicho chinamuthetsa nzeru. Amisiri a zitsulo dzina la pamanda salemba ndi penti, penti imafufutika. Amalemba ndi rodi, chilembo chilichonse n'kukhala msoko wotukuka pa lata. Lufeyo anali atalembapo mayina ambirimbiri. Anajambula ndi choko, HEZEKIYA CHIKOTI, anatsitsa chigoba cha kumaso, nayendetsa rodi. Dzanja lake linali nji. Atakweza chigoba, zilembo zinali zokhotakhota ngati nyongolotsi pa dothi lotentha. Anatenga lata lina. Chimodzimodzi. Atamaliza lachitatu, anamva kumbuyo kwake, chapatali ndithu, munthu akutsonya mokoka.

Sanacheuke.

Sabata yomweyo Nangondo anamupeza pa shedi. Anali ataonda, mpango wakuda uli kumutu. Sanapereke moni.

"Alamu, mpando wanu uja ndi wakuba."

"Mukuti bwanji?"

"Ndimasokera pamenepo. Singano zanga zitatu ndazipeza zitakakamira pa chotsamira. Dzulo pini ya chitenje yachita kundithawa m'manja."

"Penti imamata."

"Penti ya miyezi itatu?" Anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Sukulu sindinapite nayo patali, koma pepala lija ndinakuwerengerani ndine. Maginito ndimawadziwa."

Pakamwa pa Lufeyo panatuluka mwano. "Ngati muli ndi nkhani, kawauzeni malume."

"Ndikawauze? Angamumvere ndani mkazi woti anapha mwamuna wake?" Analavulira pambali. "Ine ndichoka, alamu. Koma inu mutsala nawo."

"Nditsala ndi ndani?"

Nangondo anangoyang'ana kumango, n'kubwerera kunyumba.

Lufeyo anaukokera mpandowo m'shedi kuti auduledule. Makina odulira atangokhudza paipi, magetsi thi! Anausenza n'kukauponya ku mulu wa zitsulo zakutha kuseri kwa chigayo, nauphimba ndi malata. M'mawa mwake unali pansi pa mango, utatembenuzidwa, chotsamira chikuyang'ana ku shedi.

Lolemba la sabata yomaliza kunatentha koopsa. Magetsi anazima nthawi yake. Lufeyo ali pa mgolo, anamva mapazi okhwekhwereza, khwee, khwee, timasitepe tifupitifupi. Atakweza maso, pa njerwa paja panaima munthu. Anavala chijasi chachitali, kutentha konseko, ndi chipewa chotsikira kumaso. Nthawi imeneyo dzuwa lili paliwombo aliyense mthunzi wake umabisala kunsi kwa mapazi, ndiye sungadziwe amene ali nawo ndi amene alibe. Dzanja lamanja anali atalipisa m'thumba la jasi, ndipo thumbalo linkaphiriphitha ngati muli mbalame.

"Odi pa shedi."

Mawu ake anali otsika, olemera, ngati lilime lakula m'kamwa.

"Fikani, bambo," anatero Lufeyo. "Koma magetsi kulibe."

"Makina azima?"

"Azima."

"Ndiye ndingathe kuyandikira."

Phazi linakwera pang'onopang'ono, n'kutera mkati mwa njerwa.

Pomwepo chigayo chinabangula, mawailesi a pamsika anadzuka onse pamodzi, makina owotcherera anayamba kung'ung'udza. Lufeyo anaphethira. Pa njerwa panalibe munthu. Panali mizere iwiri pa fumbi, yochokera pa mpando, yothera phazi limodzi mkati mwa malire.

Anathamangira kwa mayi wa mandasi. "Mayi, mwaona kumene alowera bambo a jasi aja?"

Mayiyo anavundikira beseni. "Ine ndimagulitsa mandasi, bambo Chikoti. Musandifunse za anthu a kwanu."

Ndi pamene Lufeyo anamvetsa. Lamulo la pa pepala lija linkati asayandikire makina akamayaka. Za makina ozima silinanene kanthu. A Hezekiya anali munthu wosunga malamulo.

Lachiwiri mizere inafika pa mulu wa mapaipi. Lachitatu inafika pakhomo pa shedi. Lufeyo anayesa kuthawira pamsika magetsi akazima, kukakhala pa bawo ndi anthu, koma pobwera ankaipeza itasendera ndithu. Anaisesa ndi nthambi. Inabwerera pomwe inalekezera. Lachinayi inalowa m'shedi, kudutsa pambali pa makina, n'kuthera pansi pa shelefu.

Lachisanu anati basi, kalimoti akakaponye mu mtsinje wa Lunzu. Akanatha kupita m'mawa, makina akuyaka, koma kunabwera anthu awiri ofuna mafelemu, ndipo pamene ankachoka magetsi anali atapita. Anakwera pa mgolo, anatsitsa chitini, natulutsa kanthu kaja. Kanali kozizira. Mwezi ndi theka kanali kasanakhudzidwe.

Ti-ti.

Lufeyo anauma pa mgolopo. Mawu a Nangondo anamubwerera onse. Patali sikamva. Kamafuna munthuyo akhale pompa, poti dzanja lingamukhudze.

M'shedi munali fungo la mankhwala otsukira m'chipatala, losakanikirana ndi la dothi lonyowa. Kumbuyo kwake, cha pa phewa la kumanzere, kanthu kankapuma movutikira, ngati mpweya ukudutsa m'madzi. Anaima choncho, osacheuka, thukuta likutsikira m'maso, mpaka chigayo chinalira.

Ku mlatho anafikako. Anatambasula mkono pamwamba pa madzi, koma zala zinakana kufumbatuka. Anazikanula ndi dzanja linalo, zinali gwa ngati zowotcherera. Atangobweza mkono n'kuupisa m'thumba la ovolosi, zinamasuka zokha. Anaganiza zochotsamo mabatire. Kenako anaona kuti kuli bwino kumadziwa pamene malemuwo aima.

Loweruka anthu anasonkhana pansi pa mango. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. A Diliza anakhala pa benchi ndi akuluakulu ena awiri. Eluby anali atabweranso kuchokera kunja, maso ali psuu. Nangondo anakhala pa chiguduli payekha, chikwama chomangamanga chili pambali pake.

"Lufeyo, khala pa mpando wa mkulu wako," anatero a Diliza. "Kuyambira lero ndi wako."

Anakhala chakumapeto, msana osagunda chotsamira. Kalimoti kanali m'thumba la pachifuwa, chifukwa kuyambira dzulo lake sikankalola kusiyidwa.

Anayamba ndi chikwangwani. A Diliza anachitembenuza uku ndi uku.

"Ichi walemba ndi phazi? Malemu akanakhala moyo akanakuponyera kumaso. Chabwino, tiika chomwechi." Anachigoneka pansi n'kutembenukira kwa wamasiye. "Tsono inu mayi. Mwambo umati tikumasuleni ndi ulemu, tikuthokozeni. Koma tikuthokozani chiyani? Mwana wathu anachira. Tonse tinamuona akuyenda. Inu munapatsidwa moyo wake kuti muusunge pa nsonga ya chitenje, n'kuutaya ngati chipeso chakutha."

"Kanthu kamodzi kokha," anatero Eluby. "Ndinakupemphani kanthu kamodzi kokha, mayi."

Nangondo sanalire. "Zaka sikisi ndimawasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, kuwatembenuza pa mphasa. Inu a Diliza munabwera kawiri, kawiri konseko kudzapempha njinga. Lero ndiye mwadziwa kusunga moyo wa munthu?"

"Mwamumva? Mwamumva mwano wake?"

"Achoke!" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Anadya kale zake ameneyo!"

Lufeyo anayang'ana pansi kuti asaone nkhope ya mlamu wake. Pa fumbi, pakati pa mapazi a anthu onse aja, panali mizere iwiri. Inachokera ku shedi, kudumpha njerwa, n'kuthera pambali pa mpando umene anakhalira. Dzuwa linali paliwombo.

Ti-ti.

"Zimitsani mafoni, tili pa mwambo," anakalipa a Diliza.

Koma Eluby anadzutsa mutu. Kulira kumeneko ankakudziwa, anakumva koyamba ku India, tsiku limene dzanja la bambo ake linaima. Anayang'ana uku ndi uku, osadziwa kumene kwachokera.

Njira inalipo. Lufeyo akanangoti, pepani, ndi foni yanga, nkhani ikanapitirira, ndipo pofika madzulo Nangondo akanakhala ali pa minibasi. Mawuwo anafika pa lilime. Anatsegula pakamwa. Ndiye anamva dzanja lake lamanja, limene linali pa paipi ya mpando, likuyamba lokha. Ngwe. Ngwe-ngwe. Chala chamanthu chikupukusa njere pamene palibe njere. Analigwira ndi linalo, silinamve. Pafupi ndi khutu lake, pafupi kwambiri, munthu anakoka mpweya pakati pa mano monga amachitira wofuna kutsonya, n'kuusunga, kudikira.

Anayang'ana Nangondo. Mayiyo anali atagwira kale chingwe cha chikwama.

Lufeyo anapisa dzanja lonjenjemeralo m'thumba, natulutsa kalimoti, n'kukaika pa fumbi pakati pa bwalo.



"Alamu sanataye kanthu," anatero. Mawu ake anatuluka aang'ono, moti anachita kubwereza. "Sanataye kanthu. Ndinakatenga pa windo ndine, tsiku la mvula lija. Kanali m'chitini cha penti m'shedimo. Masiku onse naini kanali momwemo. Ndinanyamula nawo matiresi ndikudziwa." Analoza chotsamira. "Mu mpando uno muli maginito atatu. Ndinaikamo ndine, kuti kabatire kazizima. Tengani singano muone."

Eluby anaimirira. Anatenga kiyi m'chikwama chake, namuyandikitsa pa chotsamira. Kiyiyo anachoka m'zala zake, n'kukakamira pa lata, kha! Mtsikanayo anabwerera chafutambuyo, manja ali kukamwa. Kenako anatembenuka, napita pamene panali Nangondo, nagwa pa chiguduli paja, nkhope pa miyendo ya mayi amene anakhala mwezi wathunthu osawapatsa moni. Nangondo sanamukankhe, sanamusisitenso. Anangosiya chingwe cha chikwama.

Bwalo linaphulika. Wina anati apolisi, wina anati mfiti, mayi uja wa kumbuyo anayamba kulira maliro atsopano.  Mwamuna wina anatola theka la njerwa ya pa malire paja.

"Musiyeni," anatero Nangondo. Sanakweze mawu, koma onse anamva. "Sanamalize."

Anamuyang'ana Lufeyo, maso ouma.

"Zimene munachita tazimva, alamu. Mwazifotokoza bwino, ngati mukuwerenga muyeso wa geti. Koma alipo mawu amene simunanene, ndipo si ine ndekha amene ndikuwadikira."

Lufeyo anatsika pa mpando. Anagwetsa maondo pansi. Fungo lija la m'chipatala linali litadzaza pansi pa mtengo, ndipo anthu amene anali pafupi anayamba kusendera m'mbuyo osauzidwa, kusiya malo pambali pa mpando, pamene mizere iwiri inathera. Kwa masabata anayi anali asanacheukeko. Tsopano anatembenuka ndi maondo omwewo, nayang'ana pamenepo, ngakhale maso sanawakweze kupitirira pa fumbi.

"Alamu, ndinakusenzetsani mtembo umene ndinapha ine. Pepani," anatero. "Achimwene, munachira, ine osakondwa. Ndinakuzimitsani ndine. Munandiyang'ana manja kuchipatala kuja, ine n'kuwabisa. Ndine mphwanu Lufeyo, ndalakwa. Pepani, achimwene. Pepani."